Kapamba wa thole ndi mbiri ya insulini

 Lero ndati tikambirane mbiri, koma osati ya mafumu kapena ya nkhondo. Ndi mbiri ya kachiwalo kamodzi ka m'mimba mwa mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe, kamene m'kalasi timakadutsa ndi mizere iwiri yokha pa bolodi: kamatulutsa timadzi togaya chakudya, kamatulutsanso insulini. Ana amakopera, amaloweza, amakalemba pa mayeso a MANEB, basi nkhani yatha. Chomwe sitiwauza n'chakuti kachiwalo kameneka sikaoneka chimodzimodzi mwa thole ndi mwa ng'ombe yaikulu, ndipo kusiyana kumeneku kunathandiza kwambiri kuti dziko lipeze mankhwala a matenda a shuga m'chaka cha 1921.

Tiyambe ndi dzina

Pa Chingerezi amati pancreas. Ife timati kapamba, koma pali vuto, chifukwa dzina lomweli timatchulanso chiwalo china, chija chofiira moderako chimene chimamatirira kumanzere kwa chifu, chomwe m'mabuku athu a Biology chimatchedwa spleen. Mukapempha wogulitsa nyama pa msika wa Ntaja, Ulongwe kapena Phalula kuti akuonetseni kapamba, kawirikawiri akutolerani chofiiracho. Amene ndikunena ine ndi wina. Ali mbali ya kumanja, pafupi ndi chiwindi, wagona m'kansalu kopyapyala kamene kamagwira chiyambi cha matumbo aang'ono. Ndi wofewa, wotuwa mopita ku chikasu, wa timagawo ting'onoting'ono, ndipo munthu wosamudziwa amangoti ndi mafuta. Posenda mbuzi ena amamuponyera agalu, ena amamuphika limodzi ndi zam'kati osamuzindikira n'komwe. M'nkhani ino ndikati kapamba ndikunena ameneyu.

Zomwe zimaoneka pa maikulosikopu

Kuti aone mkati mwake, akatswiri amadula kachidutswa, n'kukaviika msanga mu formalin, chifukwa nyama ikangofa kapamba amayamba kudzigaya yekha. Kenako amakaumitsa m'phula, n'kukasenga mopyapyala kuposa pepala, n'kukapaka utoto wamitundu iwiri. Mukayang'ana pa maikulosikopu mumaona zinthu ziwiri zosiyana.

Mbali yaikulu ndi timagulu ta maselo totchedwa ma acini. M'kagulu kalikonse maselo akhala mozungulira kabowo kamodzi, ngati anthu ozungulira mbale ya ndiwo. Kumbuyo kwa selo iliyonse kumagwira utoto wa bluu, kutsogolo kwake kuli timibulu tofiirira momwe mwasungidwa timadzi togaya chakudya: amylase wogaya sitalichi, lipase wogaya mafuta, ndi trypsinogen amene akafika m'matumbo amasanduka trypsin wogaya mapuloteni. Timadzi timeneti timatsikira m'kabowo kaja, n'kulowa m'timipaipi tomwe timakumana mpaka kukhala mpaipi umodzi wopita ku matumbo. Mwa mbuzi ndi nkhosa mpaipiwu umayamba walumikizana ndi wa ndulu. Mwa ng'ombe umakalowa m'matumbo pawokha, chakutsogolo.

Pakati pa ma acini ambirimbiri mwamwazikana timagulu tina ta maselo otuwa, topanda mpaipi, koma todzaza ndi timitsempha ta magazi. Timaoneka ngati Chisi pakati pa nyanja ya Chilwa, ndipo dzina lake ndi tizilumba. Mwa munthu wamkulu tizilumbati ndi gawo limodzi kapena awiri okha pa magawo 100 a kapamba yense. M'menemo ndimo muli maselo a beta opanga insulini wotsitsa shuga m'magazi, ndi maselo a alpha opanga glucagon wokweza shuga.

Zonsezi lero timazilemba pa bolodi m'mphindi khumi. Anthu anatenga zaka zoposa 250 kuti azidziwe.

Kuchokera ku Padua mpaka ku Lille

M'chaka cha 1642, Johann Wirsung, amene ankagwira ntchito mumzinda wa Padua ku Italy, anapeza mpaipi waukulu wa kapamba m'thupi la munthu. Ichi chinali chizindikiro choyamba chakuti chiwalochi chimatumiza china chake ku matumbo. Zaka 200 pambuyo pake, kuyambira cha m'ma 1849, Claude Bernard wa ku France anaonetsa kuti madzi a kapamba ndi ofunika pogaya mafuta. Mpaka apa aliyense ankadziwa kapamba ngati chiwalo chogaya chakudya basi.

David Livingstone anaona nyanja ya Chilwa mu 1859. Patapita zaka khumi, mu 1869, mnyamata wina wophunzira udokotala ku Berlin, Paul Langerhans, analemba za kapamba wa akalulu ndipo anafotokoza timagulu ta maselo otuwa tija. Ntchito yake sanaidziwe, anangolemba mokhulupirika zomwe maso ake anaona. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Langerhans anamwalira mu 1888 pa chilumba cha Madeira, komwe anapita chifukwa cha chifuwa chachikulu, asanamve kuti timagulu tija tidzatchedwa dzina lake.

Chaka chotsatira, 1889, Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering ku Strasbourg anachotsa kapamba yense mwa galu. Galuyo anayamba kukodza pafupipafupi, ndipo mumkodzo munali shuga wambiri. Apa zinadziwika kuti kapamba ali ndi ntchito yachiwiri, yokhudza shuga wa m'magazi. Koma ndi mbali iti ya kapamba imene imagwira ntchito imeneyi?

Apa ndi pomwe nyama zobzikula zikulowera m'nkhani yathu. Édouard Laguesse, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Lille ku France, ndi amene mu 1893 anapereka dzina loti tizilumba ta Langerhans, ndipo ananena kuti mwina timatulutsa chinthu chopita m'magazi mwachindunji. M'zaka za 1895 ndi 1896 anasindikiza kafukufuku wake wa momwe kapamba amakulira mwa ana a nkhosa akali m'mimba. Anatenga ana a misinkhu yosiyanasiyana, n'kumayerekeza. Iye anaona kuti mwa mwana wosabadwa ndi wongobadwa kumene tizilumba timatenga gawo lalikulu la kapamba kusiyana ndi mwa nyama yaikulu. Mu 1901 Eugene Opie ku Johns Hopkins, ku America, anapeza tizilumba towonongeka mwa anthu omwalira ndi matenda a shuga. Mu 1907 Michael Lane ku Chicago anasiyanitsa maselo a alpha ndi a beta. Umboni wonse unkaloza ku tizilumba. Chotsala chinali kutulutsa chinthucho ndi kuchipereka kwa wodwala.

Nzeru ya mwana wa mlimi

Frederick Banting anabadwa pa 14 November 1891 pa famu ina pafupi ndi Alliston ku Canada. M'mwezi wa May 1921 anayamba ntchito pa yunivesite ya Toronto mu labotale ya Pulofesa John Macleod, mothandizidwa ndi wophunzira Charles Best. Banting ankakhulupirira kuti amene anayesa iye asanabwere analephera chifukwa trypsin wa mu ma acini ankawononga chinthu cha m'tizilumba pomwe akusinja kapamba. Njira yake inali yomanga mpaipi wa kapamba wa galu wamoyo, kudikira masabata angapo kuti ma acini afote, tizilumba titsale, kenako n'kufinya. Zinathekadi, shuga wa agalu odwala ankatsika. Koma njirayi inali yochedwa, agalu ambiri ankafa pa opaleshoni, ndipo madzi opezeka anali ochepa zedi. Wodwala mmodzi yekha sakanakwanira.

Pakati pa mwezi wa November 1921 Banting anakumbukira zomwe Laguesse analemba. Ngati mwa mwana wosabadwa tizilumba timakhwima msanga pomwe ma acini sanayambe kupanga timadzi tamphamvu, ndiye kuti chilengedwe chinachita kale ntchito yomwe iye ankavutika nayo ndi agalu. Mwana wa m'mimba sadya chakudya, amalandira zonse kudzera m'magazi a mayi wake, choncho safuna trypsin, koma insulini amamufuna kuti akule. Funso linali lakuti ana oterowo angawapeze kuti. Apa ndi pomwe kukulira pa famu kunamuthandiza. Iye ankadziwa kuti alimi a kwawo ankakweretsa ng'ombe zazikazi asanazigulitse kuti zizidya bwino ndi kunenepa, choncho kophera ng'ombe sikungasowe mathole osabadwa. Iye ndi Best anapita kophera nyama kwa kampani ya William Davies mumzinda womwewo, n'kutenga kapamba wa mathole a miyezi itatu kapena inayi ali m'mimba. Madzi omwe anafinya anatsitsa shuga wa galu kuposa a poyamba.

Thole linali mlatho chabe. M'mwezi wa December anapeza kuti ngakhale kapamba wa ng'ombe yaikulu amatheka akamuviika mu alcohol, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti mantha a Banting pa trypsin anali opitirira, popeza mkati mwa kapamba watsopano trypsin amakhala asanadzuke. Komabe thole ndi limene linawachotsa pa agalu n'kuwalozera kophera ng'ombe, komwe kapamba ankapezeka wochuluka tsiku lililonse. Galu wina wopanda kapamba, wotchedwa Marjorie, anakhala moyo masiku 70 akubayidwa madzi amenewa. James Collip, katswiri wa chemistry, anawayeretsa kuti akhale oyenera munthu. Pa 11 January 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, analandira jakisoni woyamba pa Toronto General Hospital, koma sanathandize kwenikweni. Pa 23 January anamubaya madzi oyeretsedwa ndi Collip, ndipo shuga anatsika, mnyamatayo n'kuyamba kupeza mphamvu. Anakhala moyo mpaka 1935. Nthawi imeneyo mwana wopezeka ndi matendawa kawirikawiri sankatha zaka ziwiri.

Mu 1923 Banting ndi Macleod analandira mphoto ya Nobel. Banting anagawana ndalama zake ndi Best, Macleod anagawana ndi Collip. Kuyambira pamenepo, kwa zaka pafupifupi 60, insulini wa dziko lonse ankachokera ku kapamba wa ng'ombe ndi wa nkhumba. Ngakhale Frederick Sanger wa ku Cambridge, amene mu 1955 anamaliza kuwerenga ndondomeko ya ma amino acid 51 a insulini n'kulandira Nobel mu 1958, ankagwiritsa ntchito insulini wa ng'ombe. Wa ng'ombe amasiyana ndi wa munthu pa malo atatu okha, wa nkhumba pa malo amodzi.

Tizilumba ta mitundu iwiri

Kafukufuku wa kapamba wa nyama zobzikula sanathere pa Laguesse. Mu 1980 Susan Bonner-Weir ndi Arthur Like ku America anafotokoza kuti mwa ng'ombe muli tizilumba ta mitundu iwiri. Pali tating'ono tomwazikana pakati pa ma acini, monga momwe zilili mwa munthu. Palinso zilumba zikuluzikulu, zina zoposa milimita imodzi, zimene zimakhala m'minyewa yolekanitsa magawo a kapamba, ndipo maselo ake ambiri ndi a beta. Zikuluzikuluzi zimachuluka mwa thole losabadwa ndi longobadwa kumene, ndipo zimanka zichepa nyama ikamakula, pomwe tating'ono timatsala moyo wonse. Zofanana ndi zimenezi zaonekanso mwa nkhosa ndi mbuzi. Choncho mukapatsidwa masilaidi awiri, wina wa thole wina wa ng'ombe yaikulu, mukhoza kuwasiyanitsa.

N'chifukwa chiyani kapamba amasintha chonchi? Yankho lili m'mimba. Kamwana ka mbuzi kakabadwa kamakhala ndi zipinda zinayi za m'mimba, koma chifu chimakhala chaching'ono, chosagwira ntchito. Chipinda chachikulu ndi chomaliza, abomasum. Kakamayamwa, kamfuleni kena kamatsekeka n'kupititsa mkaka ku abomasum molambalala chifu. Pa msinkhu umenewu kamwanako kamakhala ngati mwana wa munthu: shuga wa mumkaka amalowa m'magazi kuchokera m'matumbo, ndipo shuga wa m'magazi a thole loyamwa amakhala pafupifupi 100 mg/dl. Kakayamba kubudula udzu ndi masamba, chifu chimakula, tizilombo tothandiza timakhazikikamo, ndipo pofika miyezi iwiri kapena itatu kamakhala kakubzikula bwinobwino. Kuyambira apo mphamvu zambiri zimachokera ku ma asidi opangidwa ndi tizilombo ta m'chifu, ndipo shuga amapangidwa ndi chiwindi pang'onopang'ono tsiku lonse. Shuga wa ng'ombe yaikulu amakhala pakati pa 45 ndi 75 mg/dl. Nyama imodzi yomweyo imakhala ndi moyo wamitundu iwiri, ndipo kapamba amasintha motsatira.

Phindu lake kukhola kwathu

Kuno ku Machinga ndi ku Balaka, maboma amene anali amodzi mpaka 1998, mbuzi ndiye banki ya banja. Fizi ikavuta, mvula ikadula, maliro akagwa, timayang'ana kukhola. Zomwe ndafotokozazi zili ndi phindu pa banki imeneyi.

Choyamba ndi mkaka woyamba uja wachikasu. Kamwana ka mbuzi kamabadwa kopanda chitetezo chochokera kwa mayi, chifukwa mwa nyama zobzikula chitetezo sichidutsa kupita kwa mwana ali m'mimba. Chimabwera ndi mkaka woyamba, ndipo matumbo amachilandira tsiku loyamba lokha. Chitetezocho ndi mapuloteni, omwe trypsin akanatha kuwagaya. Koma pa tsiku limeneli timadzi ta kapamba timakhala tochepa, ndipo mkaka woyambawo uli ndi chinthu choletsa trypsin. Kamwana kosayamwa m'maola oyambirira kataya mwayi wosabwereranso.

Chachiwiri ndi kamwana kamasiye. Mbuzi ikafa n'kusiya kamwana, ambiri mwachifundo amakapatsa phala la ufa, ena amathiramo ndi shuga wa mu tiyi. Koma amylase wa kapamba amakhala wochepa kwambiri m'masabata oyambirira, amachuluka pang'onopang'ono, ndipo matumbo a nyama zobzikula alibe timadzi togaya shuga wa nzimbe. Zotsatira zake ndi kutsegula m'mimba, kenako imfa. Kamwana kotere kamafuna mkaka, wa mbuzi ina kapena wa ng'ombe, ndipo masamba ndi madeya zibwere mwapang'onopang'ono.

Chachitatu ndi mbuzi za bere. Banting anapindula ndi ng'ombe za bere zophedwa, koma kwa mlimi wa ku Nsanama kapena ku Utale, mbuzi ya bere yozingidwa pa tsiku la msika ndi mbuzi ziwiri kapena zitatu zotayika pa mtengo wa imodzi. Musanagulitse yaikazi, funsani alangizi a ziweto aione.

Palinso mbali ya anthu. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti anthu 5.6 pa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi matenda a shuga. Ena mwa inu muli ndi abale amene amakalandira insulini ku chipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka. Kudera kwathu kuno, komwe Asilamu ndi ambiri, funso la nkhumba limabwera, ndipo ndi funso loyenera. Yankho lake n'lakuti kuyambira mu 1982 insulini wa munthu anayamba kupangidwa m'mafakitale pogwiritsa ntchito mabakiteriya, kenako yisiti, ndipo masiku ano pafupifupi insulini yense wogwiritsidwa ntchito ndi wa mtundu umenewu. Wodwala asasiye jakisoni chifukwa cha mphekesera. Afunse adokotala, awerenge pa botolo.

Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga

Masukulu athu ambiri, makamaka ma CDSS, alibe silaidi ya kapamba, ena ngakhale maikulosikopu yogwira ntchito. Koma mbuzi zimaphedwa tsiku lililonse la msika, ndipo pa Eid ya nsembe ndi pa Khirisimasi zimaphedwa zambiri. Gwirizanani ndi wopha nyama amene nyama yake imayezedwa ndi a vetenale, akusungireni zam'kati zonse zisanalekanitsidwe. Ana aone okha kapamba weniweni ndi spleen, aloze ndi chala, asadzasokonezenso. Ayang'ane timagawo take ndi galasi lokulitsa. Sinjani kachidutswa katsopano ndi madzi pang'ono, sefani, thirani m'madzi a sitalichi ofunda, ndipo muziyesa ndi iodine pakapita mphindi zingapo, ana aone mtundu wa bluu ukuzilala. Valani magolovesi kapena timapepala ta pulasitiki, ndipo musagwire mwana wa mbuzi yotaya bere, chifukwa matenda monga brucellosis amachokera m'menemo.

Mukamaliza, afotokozereni za Laguesse ndi ana a nkhosa, za Banting ndi mathole a kophera nyama. Ana athu ambiri amaweta mbuzi asanabwere kusukulu m'mawa, ndipo amaganiza kuti sayansi imayambira pomwe khola lathera. Banting anapeza njira chifukwa anawerenga buku, komanso chifukwa ankadziwa zomwe alimi amachita ndi ng'ombe zawo. Mwana wa ku Mposa kapena ku Chingeni ali nayo kale mbali yachiwiriyo. Ntchito yathu ndi kumupatsa yoyamba.

Pa 14 November chaka chilichonse dziko limakumbukira matenda a shuga, pa tsiku lobadwa la Banting. Tsikuli limapezeka mkati mwa teremu yoyamba, choncho n'lotheka kulikonzera phunziro limeneli. Amene muyese, mundilembere momwe zayendera. Inunso ana anga amene munapita ku Bunda kapena ku sukulu ya udokotala, ngati muli ndi silaidi ya kapamba wa thole kapena chithunzi chake chooneka bwino, kumbukirani sukulu yomwe munachokera.